Mtsikana Wobereka Ali Wamng'ono ndi Agogo Omusunga: Thandizo Lawo Lili Kuti?

Mtsikana akatenga mimba ali pasukulu, mnyamata n'kuikana kapena kuthawira ku Joni, kawirikawiri katundu yense amakatsikira pakhomo pa agogo. Ndiwo amamuperekeza kusikelo, ndiwo amakagona pansi kuchipatala ngati gadiyani, ndiwonso amatsala ndi khanda iye akabwerera kusukulu kapena akapita kukasaka ganyu. Zikatero, anthu awiri amene matupi awo akufunitsitsa chisamaliro m'banjamo ndi amene akusamalirana okhaokha. Mafunso otsatirawa ndi amene makomo otere amalimbana nawo.

Kale anthu ankakwatiwa ali ana, n'kubereka bwinobwino. Lero chavuta n'chiyani?

Agogo akamati "ife tinabereka mwana woyamba tili ndi zaka 15" sakunama. Koma amene akuyankhulawo ndi amene anapulumuka. Mukawafunsa modekha za anzawo amene anavinidwa nawo limodzi, adzakutchulirani wina amene anapita ndi pakati, ndi wina amene anataya ana awiri otsatizana tsiku lobadwa lomwelo.

Thupi la mtsikana limatha kutenga mimba mafupa a m'chiuno asanatambasuke mokwanira. Mwana akakula, njira imachepa, ndipo matenda amatha kutenga usiku ndi usana mwana osatuluka. Atsikana a mimba yoyamba ndiwonso amagwidwa kwambiri ndi vuto la kuthamanga kwa magazi lomwe limafika pokomola munthu, amachepa magazi msanga, ndiponso amabereka ana masiku asanakwane.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Kafukufuku yemweyo anasonyeza kuti amayi 439 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, kutsika kuchoka pa 984 mu 2004. Kutsika kumeneku n'kwakukulu, ndipo m'zaka zimenezi amayi ambiri anayamba kuchirira kuchipatala. Malamulo nawo anasintha: lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakonza malamulo oyendetsera dziko kuti agwirizane nalo. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inadziwika dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana n'kubwezera anawo kusukulu. Komabe lamulo limathetsa ukwati, silithetsa mimba imene yakhala kale. Mtsikanayo afunikabe namwino.

Ayambe liti sikelo, poti mimba sionetsedwa isanaoneke?

Ayambe m'miyezi itatu yoyambirira, akangozindikira kuti wadumphitsa mwezi. Mwambo wobisa mimba uli ndi zifukwa zake: manyazi, kuopa kuchotsedwa sukulu, kuopa anthu a maso oipa. Koma kupita kusikelo si kulengeza pabwalo la amfumu. Anamwino amalumbira kusunga chinsinsi, ndipo zipatala zambiri za boma zili ndi tsiku kapena chipinda cha achinyamata okhaokha.

Pano amayi oyembekezera amalangizidwa kuonana ndi azachipatala kasanu ndi katatu asanachire, osati kanayi ngati kale. Kumeneko amayezedwa BP, magazi, HIV ndi chindoko. Amalandira mapiritsi owonjezera magazi, Fansidar woteteza ku malungo, katemera wa kafumbata ndi neti. Akapezeka ndi HIV amayamba ma ARV nthawi yomweyo n'kumamwabe moyo wonse, njira imene Malawi anakhala woyamba kuitsata mu 2011, maiko ena n'kutengera. Koma zonsezi zimagwira bwino ntchito zikayambika msanga. Chindoko chopezeka mwezi wachitatu chimachizika mwana asanavulale, pamene chopezeka mwezi wachisanu ndi chitatu chimatha kukhala chitaononga kale.

Mwini mimba anathawa. Kodi sakamubweza kusikelo chifukwa wabwera wopanda mwamuna?

Funso ili limalepheretsa atsikana ambiri, ndipo mantha awo si opanda pake. Boma limalimbikitsa abambo kuperekeza akazi awo, makamaka kuti akayezetse magazi limodzi, ndipo chimenechi n'chinthu chabwino. Koma m'madera ena chilimbikitsochi chinasanduka chipata chotseka: wobwera yekha amaikidwa kumapeto kwa mzere, kapena amauzidwa kuti akatenge kaye kalata kwa amfumu. Mwana wa zaka 16 amene mimba yake yakanidwa sangapite kwa amfumu kukapempha kalata yotero. Amangokhala pakhomo.

Kubwera ndi mwamuna si chiphaso cholandirira chithandizo. Agogo amuperekeze, anene mosabisa kuti mwanayu ali m'manja mwawo. Ngati abwezedwabe, akaonane ndi mkulu wa pachipatalapo kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo. Ndipo ngati mimbayo inabwera mogwiriridwa, kapena mwini wake ndi munthu wamkulu amene anagona ndi mwana, nkhaniyo si yokambirana pansi pa mtengo n'kulipitsana mbuzi. Ipite ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku Chikwanekwane, malo a m'zipatala zikuluzikulu kumene dokotala, wapolisi ndi wa zachisamaliro cha anthu amapezeka pamodzi. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana.

Chipatala cha boma chili kutali, chapafupi ndi cha mishoni cholipira. Atani?

Afunse kaye asanataye mtima. Zipatala zambiri za mipingo, zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM, zili ndi mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa ulere, boma n'kumalipira. Si chipatala chilichonse cha mishoni chili mumgwirizanowu, ndipo nthawi zina umaima boma likachedwa kubweza ndalama, choncho n'kwanzeru kufunsiratu pa ulendo woyamba wa sikelo.

Mwezi wachisanu ndi chinayi ukafika, wokhala kutali apite kuchidikiro. Nyumba zodikirira zinachuluka kuyambira mu 2012, pamene Pulezidenti Joyce Banda anakhazikitsa ntchito ya Uchembere Wabwino, mafumu monga Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu ali patsogolo. Chidikiro chili ndi mtengo wake: ufa, ndiwo, nkhuni, zitenje, beseni, ndi munthu wodikirira, amene nthawi zambiri ndi agogo omwewo, atasiya munda pakati pa dzinja. Achibale ena asamaone ngati zimenezi si zawo. Amalume amene sangakagone kuchidikiro angathe kupalira munda wa agogo kapena kusungira pambali ndalama ya kabaza.

Pali zizindikiro zosadikira kuti kuche: kutaya magazi, mutu waukulu pamodzi ndi kuona zachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, kusweka kwa nsupa nthawi isanakwane, ndi mwana kusiya kugunda m'mimba. Wokayika aimbe ku Chipatala cha pa Foni, ntchito yomwe inayambira ku Balaka mu 2011 n'kufalikira dziko lonse. Amene amayankha ndi azachipatala, ndipo amalankhula Chichewa.

Agogo abereketsa anthu ambiri m'mudzi muno ndipo amadziwa mankhwala ofulumizitsa matenda. Chalakwika n'chiyani akathandiza mdzukulu wawo?

Apa ndi pamene tiyenera kulankhula mwaulemu koma mosapsatira. Mankhwala achikuda ofulumizitsa kubereka, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti mwanamphepo, si madzi chabe. Ena mwa iwo amagwiradi ntchito: amachititsa chiberekero kukokana mwamphamvu. Vuto lagona pomwepo. Mlingo wake palibe amene amaudziwa, ndipo ngati njira ya mtsikanayo ndi yochepa kapena mwana wagona mopingasa, chiberekero chimakankha chinthu chosatheka kutuluka mpaka chimang'ambika. Mayi amataya magazi m'kati, mwana amabanika. Kuchipatala nakonso kuli mankhwala oyambitsa matenda, koma amaperekedwa mwamlingo, namwino akumvetsera kugunda kwa mtima wa mwana, ndipo opareshoni ili pafupi zikavuta.

Palinso chikhulupiriro choti matenda akatalika ndiye kuti mkazi kapena mwamuna wake anayenda njira zambiri, ndipo aulule kaye kuti mwana abadwe. Maola amene amathera pa kufunsa mafunso amenewo ndi amene amabweretsa fistula. Mutu wa mwana ukakhalitsa utapanikiza minofu ya m'kati, minofuyo imafa, pamatsala bowo, ndipo mtsikana amayamba kudontha mkodzo kapena chimbudzi usana ndi usiku. Ambiri amabisala m'nyumba zaka, osadziwa kuti matendawa amachizika ndi opareshoni. Ku chipatala cha Bwaila mu Lilongwe kuli malo apadera ochizira fistula ulere.

Boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa mu 2007, ndipo mafumu ambiri anaika chindapusa kwa wochirira pakhomo. Ine ndimaona kuti pamene tinaphonya ndi poganiza kuti tikaletsa azamba ndiye kuti tathana ndi mphamvu ya amayi achikulire. Mphamvuyo ilipobe. Mtsikana wa zaka 17 sanyamuka yekha pakati pa usiku kupita kuchipatala. Amadikira kuti agogo kapena apongozi anene kuti "nthawi yakwana, tiyeni". Ndiye ngati uphungu wa kusikelo ukuperekedwa kwa mtsikana yekha, agogo atakhala panja pansi pa mtengo, uphunguwo wapita kwa munthu amene alibe mawu pakhomo. Anamwino ndi alangizi a zaumoyo amene amaitana agogo kuti alowe, n'kuwafotokozera zizindikiro zoopsa monga anthu amene adzapange chiganizo, amapulumutsa miyoyo yambiri kuposa chindapusa cha mbuzi.

Wachira bwino. Chatsala n'chiyani?

Masiku awiri oyambirira ndi oopsa kwambiri kwa mayi ndi mwana yemwe, choncho asathamangire kutuluka. Abwererenso pakatha sabata imodzi ndi pakatha masabata asanu ndi limodzi, ngakhale ali m'chikuta. Pamchombo pasaikidwe phulusa, ndowe kapena mankhwala a m'tchire. Mwana ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, popanda madzi kapena phala la madzimadzi, ndipo pano agogo amene atsale naye ayenera kumvana ndi mayiyo, chifukwa mwana akalira iwo ndiwo ali pafupi ndi supuni. Wobadwa masiku asanakwane asungidwe pachifuwa, khungu kukhudza khungu, njira ya kangaroo. Agogo nawonso angathe kumufungatira motero mayi akupuma.

Nkhani ya kulera ikambidwe asanatuluke kuchipatala. Mimba yachiwiri yobwera chaka chisanathe ndi imene imatsekeratu njira ya kusukulu. Jakisoni, mapiritsi, lupu ndi njira yoika pamkono zimapezeka ulere m'zipatala za boma, ndipo kulandira sikufuna kuti munthu akhale pabanja.

Kusukulu aloledwa kubwerera. Ndondomeko yolola atsikana obereka kubwerera m'kalasi inayamba mu 1993, ndipo magulu a amayi a pasukulu amathandiza kulondola nkhani zotere. Chinthu chimodzi chimene sichitchulidwa kawirikawiri ndi mtima wa mtsikanayo. Akamangolira, osadya, osafuna kuyang'ana mwana, kapena kunena zoti bola kufa, si mwano ndipo si ulesi. Ndi matenda a nkhawa amene amagwira amayi ena akangochira, ndipo amafuna azachipatala.

Nanga agogowo, amawayeza ndani?

Kunena zoona, pafupifupi palibe, pokhapokha adwale n'kugona. Mayi woyembekezera ali ndi sikelo yake, mwana ali ndi sikelo yake, womwa ma ARV ali ndi tsiku lake. Munthu wa zaka 70 alibe khomo lolembedwa dzina lake. Amaima pamzere umodzi ndi anyamata, akafika kwa dokotala n'kunena kuti "thupi lonse likuphwanya", amalandira panado, ndipo nthawi zina amamva mawu opweteka oti "umenewo ndi ukalamba, agogo". Ukalamba si dzina la matenda. Munthu wachikulire amadwala matenda okhala ndi mayina, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi mankhwala.

Loyamba ndi BP. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Onani kuti kuwerengako kunalekera pa zaka 64. Agogo enieniwo sanalowemo n'komwe, chonsecho vutoli limakula ndi msinkhu. BP simveka kuwawa. Munthu amalima, amaseka, mpaka tsiku limene pakamwa papindika, mkono ndi mwendo n'kufa, abale n'kumati wawombedwa ndi mfiti. Kuyeza kumatenga mphindi zochepa, ndipo mankhwala ake ndi omwa tsiku lililonse, osati osiya munthu akapeza bwino. Shuga nayenso amabisala: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kuonda, chilonda cha kuphazi chosapola.

Zipatala za m'maboma zili ndi masiku a odwala BP ndi shuga. Ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo pamodzi ndi boma anayesa njira yoona odwala HIV, BP, shuga, mphumu ndi khunyu pamalo amodzi, tsiku limodzi, m'zipatala zing'onozing'ono za kumudzi, m'malo moti munthu aziyenda maulendo atatu pa matenda atatu. Kwa nkhalamba yoyenda ndi ndodo, kusiyana kwake n'kwakukulu. Chodandaulitsa m'madera ambiri n'chakuti mankhwala amatha, wodwala n'kuuzidwa kuti akagule, ndipo wopanda ndalama amangosiya.

Maso achita mdima, mkodzo ukuvuta. Zimenezinso zili ndi thandizo?

Zili nalo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri amazipirira mpaka kumanda. Ng'ala ndiyo imachititsa khungu okalamba ambiri, ndipo imachotsedwa ndi opareshoni yaifupi, munthu ali maso, mawa lake n'kuyambanso kuona. Zipatala za maso za Lions ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth, komanso chipatala cha Nkhoma, zakhala zikugwira ntchitoyi kwa zaka zambiri, ndipo madokotala a maso amayenderanso m'maboma. Agogo oonanso amaphika okha, amapita okha kutchalitchi kapena kumzikiti, ndipo mwana amene ankawagwira ndodo amabwerera kusukulu.

Abambo achikulire amene mkodzo ukutuluka modontheza kapena watsekeka asachite manyazi. Kutsekeka kwa mkodzo ndi vuto la tsiku lomwelo. Amayi amene anasiya kale kusamba akaonanso magazi apite msanga, chifukwa khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri m'dziko muno ndipo sisankha wachitsikana yekha. Ngakhale matenda atafika posachizika, ululu wokha umatha kuchepetsedwa. Malo monga Tiyanjane ku Queen Elizabeth ndi Ndi Moyo ku Salima anakhazikitsidwira ntchito imeneyi, ndipo zipatala za m'maboma zili ndi anamwino ophunzitsidwa zomwezo.

Agogo ayamba kuiwala mayina a ana awo, amatuluka usiku, tsiku lina anapezeka pakhomo pa eni ake atavula. Anthu akuti ndi ufiti.

Amenewa ndi matenda a ubongo amene amagwira okalamba ena. Amayamba ndi kuiwala zinthu za posachedwa: adya kale koma akuti sanadye, aika ndalama pena n'kumati abedwa. Kenako munthu amasokonezeka ndi nthawi ndi malo, amadzuka usiku kufunafuna mudzi umene anakulira, amasochera, amalankhula ndi anthu amene anamwalira kale. Akafunsidwa mwaukali kuti "mumadzatani kuno usiku?" amatha kuvomera chilichonse chimene akuuzidwa, chifukwa sakumvetsa funsolo. Chivomerezo chotero chaphetsa anthu.

Mu Januwale 2016, ku Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi gulu la anthu mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Nkhani zonga imeneyi zimamvekabe chaka ndi chaka, ndipo kawirikawiri amene amatsogolera ndi adzukulu ndi achibale enieni, nthawi zina pali mkangano wa munda kumbuyo kwake. Bungwe la MANEPO, lomwe limagwirizanitsa mabungwe oona za okalamba, lakhala likudandaula za kuphedwa kotere. Lamulo la 1911 lokhudza ufiti likugwirabe ntchito, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Pakhomo pamene pali mayi wachitsikana ndi khanda, ngozi imeneyi imakula. Khanda likadwala mwadzidzidzi n'kumwalira, maso amatembenukira kwa nkhalamba yomwe inali nalo pafupi, yomweyo imene inagona pansi kuchidikiro. Banja lione zizindikirozi msanga, liwatengere agogo kuchipatala, lidziwitse amfumu ndi oyandikana nawo kuti munthuyu akudwala, kuti akapezeka akuyenda usiku abwezedwe kunyumba osati kumenyedwa. Matendawa alibe mankhwala ochiza, koma kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi kumatha kuyamba ndi malungo, matenda a m'chikhodzodzo kapena shuga, zomwe zimachizika.

Pali ndalama iliyonse yothandizira khomo lotere?

Ilipo koma ndi yochepa. Penshoni amalandira ndi amene anagwira ntchito yolembedwa, pamene okalamba ambiri anakalambira m'munda. Chimene chimafika kumudzi ndi Mtukula Pakhomo, yemwe anayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo tsopano ali m'maboma onse. Amasankha makomo osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, kapena amene wamphamvuyo ndi mmodzi koma omudalira ndi ambiri, pafupifupi makomo 10 mwa 100 alionse. Pamakhala kandalama kowonjezera pa mwana aliyense wa pasukulu. Makomo ambiri olandira amatsogoleredwa ndi okalamba, koma ndalamayi ndi ya khomo losauka, si ya ukalamba, ndiye nkhalamba zambiri zimatsala kunja. Woona kuti khomo lake linadumphidwa akafunse ku komiti ya m'dera kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya pa boma.

Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la anthu okalamba, lowateteza ku nkhanza, kusalidwa ndi kulandidwa katundu. Ndi chiyambi chabwino, koma liyenera kuyezedwa ndi zimene nkhalamba ikukumana nazo pawindo la mankhwala ndi pabwalo la milandu ya minda.

Akanyozedwa kuchipatala, akadandaule kuti?

Zipatala za m'maboma zili ndi ombudsman wolandira madandaulo, ndipo chipatala chaching'ono chilichonse chili ndi komiti ya anthu a m'deralo. Mtsikana wotukwanidwa m'chipinda chochirira kuti "unkafuna chiyani uli mwana" ndi agogo ouzidwa kuti akutha mankhwala a achinyamata, onse ali ndi ufulu wodandaula. Anamwino ambiri amagwira ntchito yolemetsa, mmodzi kuyang'anira wodi yonse usiku, ndipo ambiri amaigwira ndi mtima wabwino. Kudandaula za mmodzi wonyoza kumatetezanso mbiri ya enawo.

Popeza ndalama ya ulendo ndi yovuta, kodi onse awiri angathandizidwe tsiku limodzi?

Angathe, ndipo ndi chinthu chimene banja lingayambe mwezi uno osadikira ndondomeko yatsopano. Agogo akamaperekeza mdzukulu kusikelo, anyamule buku lawo la kuchipatala, osati la mtsikana lokha. Makina amene akuyezera BP ya woyembekezera angayezenso yawo. Apemphe, kapena akaime pamzere wa odwala akunja pamene mtsikana akudikira. Anene zonse zimene zikuwavuta, maso, mkodzo, kuiwala, osangoti "thupi likuphwanya", ndipo mdzukulu wodziwa kuwerenga awathandize kumva zimene dokotala walemba ndi nthawi yomwera mankhwala. Ngati apatsidwa tsiku lobweranso, apemphe kuti ligwirizane ndi tsiku la sikelo ya mwana, kuti kabaza akhale mmodzi.